Mbali Yachinayi ya Kolala

Ndasoka makolala pafakitale ino zaka khumi ndi chimodzi, koma malaya akewo sindinawaonepo ndi kamodzi komwe. Nsalu imabwera yodula kale kuchokera kudziko lina, ife n'kusoka mbali zitatu, yachinayi n'kuisiya kukamwa yasa, makatoni n'kukwera sitima yapamadzi. Mbali yosasokayo inkandidya mumtima. Ine telala, mwana wa telala, kumatumiza ntchito yosamaliza ngati mlesi?

Tsiku lina ndinamaliza msanga, ndipo ndinatseka makolala mazana atatu mbali zonse zinayi. Ndinaweruka ndikuyenda monyang'wa.

Patatha miyezi iwiri kapitawo anatiuza kuti tizimitse makina. Kunabwera mayi wina wa kukampani imene imagula makolalawo. Kapitawo anali atatinong'oneza kale kuti mayiyo akapsa mtima, ntchitoyi isamukira kudziko lina, ndipo tonse makumi anayi tikakhala pakhomo.

"Anatseka makolala ndi ndani?" anafunsa mayiyo.

Ndinaimirira. Mnzanga wa makina oyandikana nane anang'ung'udza kuti, "Mwatiphetsa, achemwali, ndi luso lanulo."

Mayiyo sanakalipe. Anandionetsa kanema pafoni yake. Ndinaona chipinda chachitali, mapeto ake osaoneka, malaya oyera atapachikidwa mizeremizere. Pakona panali mzimayi wamagalasi, wa msinkhu wanga, akumasula ulusi ndi kalumo. Ulusi wanga. Akamasula ankalowetsa kapulasitiki kolimbitsa kolala, kamene akuti kamachokera kudziko lachitatu. Mabatani amachokera kwinanso.

Chinthu chimene ndinachigwira ine pano chinali m'manja mwa munthu wa kutsidya kwa nyanja, amene sindidziwa ngakhale moni wa kwawo. Kwa zaka zonsezi ine ndi iyeyo timasoka malaya amodzi, osadziwana.

"Kodi iwowo satha kusoka makolala, mayi?" ndinafunsa.

"Amatha, ndipo amafulumira kuposa inu. Koma nthawi yosokera kolala imodzi amalumikiza malaya awiri. N'chifukwa chake makolala tinawasiya kuno."

Zoti amandiposa zinandibaya, sindibisa. Komabe maso anga sanachoke pa zala zija.

"Anamasula masiku anayi," anapitiriza mayiyo. "Abwana athu ankafuna kusamutsa ntchitoyi, koma iyeyu anachonderera. Akuti ulusi wovuta kumasula chonchi sanauonepo, makolala asachoke kuno. Wangopempha kuti amene anatsekayo azimusiyirako polowetsera kapulasitiki kaja."

Kapitawo anausa moyo n'kutiuza kuti tiyatse makina. Ndinatenga kolala, ndinasoka mbali yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kenako ndinachotsa phazi pachopondera cha makina. Ndinalowetsa zala ziwiri pampata wotsalawo kuti ndione ngati za mzimayi wamagalasi uja zingakwane bwino, misozi ili lengelenge, n'kuika kolalayo m'katoni.