Mayankho Palibe

Dzino langa lakutsogolo linatsala mu ofesi ya mlongo wanga ku Leeds. Anthu akandifunsa kutchalitchi ndimati ndinagwa pamasitepe, koma limenelo ndi bodza. Anandigulula dzinolo ndi Mayankho, mwana amene ndinamubereka kumsana ine ndemwe ku Chilomoni.

Mayankho anabwera kuno kudzaphunzira za makompyuta. Atamaliza, iye ndi mnzake wa ku Zambia, dzina lake Chabala, anayambitsa kakampani kawo pamwamba pa malo ometera tsitsi. Anapanga pulogalamu ya pafoni yoti nyumba yosamalira okalamba ikaperewera antchito izingodina, pulogalamuyo n'kupeza munthu wapafupi woti akagwire shifiti. Nzeru yake ndi yabwino, sindikana. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba zomwezi, ndipo ndikudziwa kuwawa kotsala wekha ndi nkhalamba khumi ndi ziwiri, ina ikufuna kuchimbudzi, ina ikufuna mwamuna wake amene anamwalira kalekale.

Vuto linali dzina lakelo. Amayi anamutcha Mayankho pothokoza Mulungu, koma iye analitenga ngati ntchito imene analembedwa. Wantchito akaphonya basi, ankaimbira Mayankho. Manijala akaiwala podina, ankaimbira Mayankho. Anali ndi mafoni atatu, ndipo onse ankagona nawo pabedi. Ndinamuuzapo kuti mutu umodzi susenza denga, iye n'kundiseka kuti masiku ano denga amakweza ndi makina. Mwana wanzeru amatopetsa. Chabala ankapempha kuti agawane mafoniwo, Mayankho ankati mawa. Kenako Lachisanu lina anasinza pamaloboti, galimoto n'kukwecha khoma la sitolo. Anandiuza nkhaniyo akuseka, ine mtima unangoti myuu, chifukwa ndinadziwa kuti ulendo wotsatira sudzathera pakhoma.

Lachitatu la sabata yotsatira ndinali pa ofu. Ndinali m'basi kupita kumsika cha m'ma teni koloko m'mawa pamene Chabala anaimba.

"Ba Ennie, bwelani manje manje. Mubale wanu afuna kunipaya."

Ndinatsika pasiteji yotsatira n'kuthamanga ngati mtsikana, chonsecho mawondo anga ndi a zaka makumi anayi ndi zisanu.

Phokoso ndinalimva ndili pamasitepe. Ndikulowa, ndinaponda magalasi. Kompyuta imodzi inali pansi chafufumimba, madirowa onse atazulidwa, mapepala ali mbwee. Chabala anali pakona atatsindira kansalu kopukutira mbale pamwamba pa diso, magazi akuyenderera mpaka m'kolala. Anandifotokozera mwachangu kuti Mayankho sanagone chigonere Loweruka, ndipo ankafuna kuyendetsa galimoto mpaka ku Middlesbrough, ulendo woposa ola, kukakumana ndi mkulu wa nyumba zinayi za okalamba. Chabala anamuuza kuti apitako yekha pasitima, Mayankho n'kukana. Ndiye Chabala anabisa makiyi a galimoto, ndipo malipiro ake anali kapu ya tiyi pamphumi.

Mayankho sanandione n'komwe. Ankakhuthula bini pansi, akufufuza m'zinyalala ndi manja onse awiri, foni atayipana ndi phewa, akuuza munthu wina mwaulemu kwambiri kuti asadandaule, zonse zili bwino. Maso ake anali psuu, milomo itauma. Ndinachita mantha, chifukwa nkhope imeneyo ndimaiona kuntchito, koma sindinayembekeze kuiona pa mwana wa mayi anga.

Chabala anandiponyera makiyi aja mobisa, koma analira m'malere. Mayankho anatembenuka. Ine ndinachita zimene mayi aliyense wa kwathu amachita ndi chinthu chimene safuna kuti mwamuna achikhudze. Ndinawalowetsa m'kamisolo.

Anayang'ana pachifuwa panga, n'kuyang'ana kumbali. Ngakhale mutu utasokonekera chotani, mlongo sapisa dzanja pamenepo.

"Iwe Ennie, bweretsa makiyi anga."

Chibadwire chake anali asananditchulepo dzina. Ndinali asisi kuyambira tsiku limene anaphunzira kulankhula. Mawu akuti iwe aja anandiwawa kuposa zimene zinatsatira.

Ndinamuuza kuti makiyi sawaona, ndipo ngati akufuna kufa akafere kwina, osati pamsewu pamene pali ana a eni ake. Anatola mpando n'kuumenyetsa pabolodi loyera limene ankalembapo mapulani awo. Bolodilo linang'ambika pakati. Anaumenyetsanso kachiwiri, kachitatu, mpaka mwendo wa mpando unathyoka n'kukagunda zenera. Pansi makina ometera anasiya kulira. Foni ya patebulo inayamba kuitana, ya m'thumba nayo inayamba, ndipo iye anaima pakati pa ofesi akutembenukira uku ndi uku, osadziwa yoyamba kuyankha. Kenako anati palibe kanthu, akabwereka galimoto ya ometa tsitsi, n'kulunjika kuchitseko.

Ndinafika pachitsekopo iye asanafike. Anandikankha pachifuwa, msana wanga n'kugunda chogwirira. Ndinamva kupweteka mpaka m'mano, komanso ndinapsa mtima, ndisaname. Kuntchito anatiphunzitsa kagwiridwe ka munthu wolusa kopanda kumuvulaza: umamulowera kumbuyo chakumbali, n'kukoleka mkono wake, n'kumutsitsa pang'onopang'ono. Ndinachita momwemo. Koma amene tinkayeserapo kumaphunziro anali anzathu oseka, osati mwamuna wa zaka makumi atatu amene wamwa khofi masiku anayi. Anapotokola thupi n'kubweza chigongono ndi mphamvu zake zonse.

Ndinamva kuti khwaa m'mutu. M'kamwa munadzaza madzi otentha amchere, ndipo kanthu kolimba kanagubuduka palilime. Ndinalavula, dzino n'kugwera pakapeti.

Sindinamusiye. Ndinamupinga mwendo, tonse awiri tinagwa, mutu wake n'kuphonya mwendo wa tebulo pang'onong'ono. Chabala anataya kansalu kaja n'kumugwira miyendo. Ine ndinamukumbatira chakumbuyo, manja ake nditawapingasa pachifuwa pake, magazi anga akudonthera pashati yake yoyera ya kumsonkhano. Anaphiriphitha, anatukwana m'Chingerezi, anatukwana m'Chichewa mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Ankakuwa kuti tikumuphera kampani, kuti popanda iye chilichonse chigwa, kuti anthu akudikira.

Nkhalamba ikalusa chonchi sitikangana nayo. Timatsitsa mawu n'kuifunsa tinthu tating'ono kuti tione pamene mutu wake uli. Pakamwa panga panayamba pokha, ndi mawu omwe aja a kuntchito, ngakhale ankatuluka mopepera chifukwa cha mpata wa dzino.

"Dzina lako ndani?"

"Ndisiyeni!"

"Dzina lako."

"Mayankho."

"Tili kuti pano?"

"Ku ofesi. Asisi, nthawi ikutha, meeting ndi one o'clock."

"Lero ndi lachingati?"

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe msanga monga mwa chizolowezi chake. Palibe chinatuluka. Ndinamva mtima wake ukugunda pamkono wanga. Anati Lolemba. Kenako anati ayi, Lachiwiri. Anayang'ana Chabala kuti amuthandize, ndipo m'pamene anaona bwino nkhope ya mnzakeyo, diso litatupa, magazi atauma patsaya.

"Ni Wednesday, mwana," anatero Chabala mofatsa.

Thupi lonse linalefuka m'manja mwanga. Analira kulira konyansa, kwa mamina, kumene ndinakumva komaliza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankangobwereza kuti sakudziwa, sakudziwa, m'mutu mwake muli anthu ambiri ndipo onse akulankhula. Ndinamuuza kuti apume. Sindikudziwa ngati anamva kuti akoke mpweya kapena kuti aleke ntchito, koma anachita zonse ziwiri. Pasanathe mphindi khumi anali atagona pakapeti pomwepo, pakati pa magalasi ndi mapepala, nsapato zili kuphazi.

Wometa tsitsi anakwera kudzafunsa ngati aitane apolisi. Chabala anati ayi, ndi nkhani ya pabanja, ndipo ndinamukonda mwana ameneyu kuyambira pamenepo. Ndinamutsuka bala n'kumumata pulasitala. Anavala jekete la Mayankho pofuna kubisa magazi a pakolala, anatenga foni imodzi, n'kuthamangira sitima ya ku Middlesbrough. Ine ndinatola dzino langa, n'kuliika pachivindikiro cha botolo la khofi. Ndinasesa magalasi, ndinazimitsa mafoni awiri otsalawo, n'kukhala pampando umene unapulumuka, thonje lili m'kamwa.

Mayankho anadzuka dzuwa litapendeka. Anakhala tsonga, akuyang'ana bolodi long'ambika ndi mpando wothyoka ngati walowa mu ofesi ya eni. Kenako anaona mlomo wanga.

"Asisi, wakumenyani ndani?"

Anafunsa ndi ukali weniweni, wokonzeka kukamenya munthuyo. Pamenepo ndiye misozi inanditsika ine. Ndinangomugwira mkono n'kuutembenuza kuti aone chigongono chake. Shati inali itabooka, ndipo pakhungu panali bala laling'ono lofanana ndi dzino. Analiyang'ana, n'kuyang'ana pachivindikiro paja.

Ndinayatsa foni imodzi kuti ndimve za Chabala. Isanathe n'kuyaka komwe inayamba kuitana, nambala yachilendo. Dzanja la Mayankho linanyamuka lokha. Linafika pakati n'kuima. Kenako anakankhira foniyo kwa ine ndi nsonga za zala.

Anali Alfred, Mmalawi mnzathu wogwira mashifiti ku Salford, akufuna kudziwa chifukwa chake pulogalamu sikumuonetsa ntchito ya mawa. Anati ndimupatse Mayankho msanga.

"Mayankho palibe, achimwene," ndinatero. "Imbirani a Chabala mawa."

Makiyi ndinamubwezera patatha milungu itatu, dokotala atamuona, mafoni atagawana. A chipatala cha mano anati angathe kundiika dzino lina loti munthu sangazindikire. Ndinawauza kuti ndiganize kaye, ndipo mpaka lero ndikuganizabe. Lamlungu lililonse Mayankho amabwera kudzadya kwathu tikaweruka kutchalitchi. Foni ikalira m'thumba mwake, dzanja n'kuyamba kutsetserekera komweko, ine ndimamuyang'ana. Ndimangomumwetulira.