Chisoti pa Dzungu

Matenda ataumitsa thupi lonse la bambo anga, chinatsala chogwira ntchito ndi ubongo wokha. Ankapumira makina. Kuchipatala ku Coimbatore anawaveka chisoti cha mawaya chomvetsera za mu ubongo, koma chinkatolera pamodzi ndi phokoso la fani, la magetsi, ngakhale kugunda kwa mtima. Mayi Thenmozhi, katswiri wa makompyuta, anatha miyezi akuphunzitsa kompyuta kupeta phokosolo ngati mankhusu, mpaka pagalasi la kompyutayo panayamba kutuluka "inde" kapena "ayi" womveka bwino. Mayiwo ndinkachita kuwalambira, kunena zoona.

Mchimwene wanga Ilamaran ndiye anafunsa funso lomwe tonse tinkalizemba.

"Ababa, tikuchotseni pamakinawa mukapumule kwathu kumapiri?"

Dokotala anali atanena mosabisa kuti popanda makinawo sakhalitsa. Pagalasi panatuluka "inde". Ndinafunsanso ndekha, ndikulira. Inde.

Ambulansi inanyamuka ndi bambo ndi Ilamaran m'mawa mwake, tsiku la chikondwerero chodalitsa zipangizo, ili ndi kathanki ka mpweya kongokwanira ulendo. Ine ndinatsalira kuti ndikabweze chisoti kuofesi ya Mayi Thenmozhi. Ndinapeza makompyuta onse atavekedwa nkhata za maluwa, lubani akufuka, ndipo dzungu loti aliswe pakhomo, monga mwa mwambo wa tsikulo, lili patebulo. Bambo Arivalagan, okonza mawaya, munthu wokonda nthabwala, anandilanda chisoticho, kuchilumikiza, n'kuveka dzungulo.

"Taonani, achemwali, wodwala watsopano! Uyu ndiye wofatsa, saphethira n'komwe."

"Inu, ukulu wonsewu chibwana osatha?" anatero Mayi Thenmozhi akuseka.

"A Dzungu, tikusweni lero?" anafunsa Bambo Arivalagan, n'kudina batani.

Mizere yokhotakhota ya pakompyuta inawongoka. Pagalasi panatuluka "inde".

Onse a muofesimo anafa nalo phwete, kupatula Mayi Thenmozhi. Anawakankha Bambo Arivalagan n'kudina okha. Inde.

"Mayi, zimenezi ndiye kuti chiyani?" ndinafunsa.

"Kompyutayi yazolowera kwambiri ubongo wa bambo ako. Ikuoneka kuti ikapanda kumva kanthu, imangodzaziramo zomwe inaphunzira."

"Nanga dzulo anayankha ndani?"

"Mwina iwowo. Sindikudziwa, mwanangu."

Mantha ngati amenewo sindinawamvepo. Ndinaimbira Ilamaran, koma mumsewu wokwera kumapiri uja mafoni sagwira, aliyense amadziwa. Ndinaimbanso. Mawu a mzimayi wa mufoni, odekha mpaka kukwiyitsa, ankangondiuza kuti nambalayo sikupezeka.

Ndinathamanga kukasaka galimoto, Mayi Thenmozhi ali pambuyo panga opanda nsapato. Pamasitepe m'pamene ndinakumbukira kuti dzulo, "inde" uja atatuluka, m'diso la bambo munatsika msozi. Ndine amene ndinaupukuta ndi nsonga ya nsalu yanga, n'kuuza aliyense kuti akusangalala poti akupita kwawo.