Mawu Oyera pa Tsamba la Madiresi

Namadiresi, monga anthu ankamutchulira, ankabwereketsa madiresi a ukwati m'kachipinda kopanda zenera, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wokonza mafoni. Akwatibwi ambiri ankamupeza pa intaneti. Munthu akafufuza, tsamba la sitolo yake linkaoneka m'munsi ndithu, koma aliyense woimba foni ankafunadi diresi, ndipo dzina la sitoloyo linalibe banga.

Kenako kunyumba kunabwera alamu ake, akulu a mwamuna wake, ntchito itawathera. Anati akhala masiku ochepa, masiku aja a achibale amene sathera pa kalendala. Iwowa ndi amene anaphunzitsa mng'ono wawoyo sukulu, ndiye akangokhosomola nyumba yonse inkatchera khutu.

"Alamu, tandipatsani pasiwedi ya tsamba lanu lija," anatero tsiku lina ali gone pa sofa. "Ndikuikani pamwamba penipeni. Zimenezi ine ndimazitha."

Anawapatsa. Akanakana bwanji mwamuna wake ali pomwepo, akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu?

Pamwamba anafikadi, ndipo foni inayamba kulira osapuma. Wina ankafuna bokosi la maliro. Wina mankhwala a nsikidzi. Bambo wina anamukalipira kuti wabetcha mpira koma sakuona zotsatira. Namadiresi ankayankha mwaulemu, mapini ali kukamwa, mkwatibwi ataima pa kampando kudikira kuti amupindire diresi.

Mayi wokonza mafoni uja ndi amene anamuonetsa gwero lake. Anatsegula tsambalo, nakanikiza chala pamalo opanda kanthu m'munsi mwa zithunzi, ndipo mawu anatulukira mbwee! Alamu anali atalemba mawu oyera pamalo oyera, kuti maso a munthu asawaone koma makina ofufuzira aziwawerenga: maliro, nsikidzi, juga, ngongole, chilichonse chimene anthu amasakasaka. Anali atagwirizananso ndi masamba a juga ndi a zolaula, ambirimbiri, kuti aziloza ku tsamba la madiresi.

"Makinawa akakugwira amakukwirira, achemwali," anatero mayiyo. "Chotsani msanga."

Namadiresi anayesa kulowa, koma pasiwedi inali itasinthidwa.

Madzulo anapempha alamu mwaulemu wonse, manja ali pamodzi. Iwo anaseka. "Mungawononge ntchito yanga, alamu. Inu zanu ndi singano."

Kuchipinda mwamuna wake analankhula monong'ona, poti khoma lake linali lopyapyala. "Usawachititse manyazi achimwene. Akuyesetsa kutithandiza."

Mtima unamuwawa kwambiri Namadiresi. Sitolo yake, dzina lake, thukuta lake, koma kiyi ali ndi munthu amene iye ankamuchapira malaya. Kukalipa sakanatha, kuwathamangitsa sakanatha, ndipo m'mawa uliwonse ankawapatsabe moni ndi madzi osamba.

Makina aja anagwiradi chinyengocho. Tsamba linazimiririka, foni inati zii. Munthu akalemba dzina la sitolo, zimene zinkatuluka ndi masamba a juga aja, dzinalo lili pakati pa zithunzi zosati n'kuonetsa mwana. Mayi wina amene anasankhira kale mwana wake diresi anabwera kudzabweza mawu. Sanalowe n'komwe, anangoima pakhomo.

"Mwana wanga sangalowe m'tchalitchi ndi diresi la malo otere," anatero, nkumapita.

Namadiresi anakhala tsiku lonse pakati pa madiresi opachika m'mapulasitiki, mpweya uli wochepa. Anaganiza zoti dzina la sitolo lapsa basi. Chomutsalira chinali chimodzi: akwatibwi akale ankamudziwa ndi dzina lake lenileni, la makolo ake, limene silinalembedwepo pa tsamba lililonse. Akanayambiranso ndi limenelo, mwakachetechete, osauza munthu m'nyumbamo.

Atafika kunyumba anapeza alamu ndi mng'ono wawo ali mwee, laputopu ili pamiyendo.

"Musadandaule alamu, ndakonza kale," anatero alamu aja. "Tsamba lija analigwira chifukwa ndinachepetsa mawu. Ndatsegula latsopano, ndaikamo mawu ochuluka kuposa poyamba, ndipo anzanga a masamba aja ayamba kale kuloza."

Anatembenuza laputopuyo. Pamwamba panali dzina lenileni la Namadiresi, lonse, ndi chithunzi cha nkhope yake akumwetulira.

"Tathokoza achimwene," anatero mwamuna wake, akumuyang'ana iye kuti anenenso chimodzimodzi.