Mabwato a Folo Koloko

"Bwanji mabwato mwawaika m'mamawa chonchi, asisi?" anafunsa Tusajigwe, chala chili papepala la ulendo, masiki ikulendewera kukhutu limodzi. "Seveni koloko? Makasitomala athuwa amadzuka dzuwa lili paliwombo."

Angella sanachotse maso pakompyuta. Pepalalo analemba ndi iye. Kwa miyezi itatu, muofesi yokonza maulendo ya ku Al Nasr, mumzinda wa m'chipululu wa Doha, momwe onse awiri ankagwira ntchito, iye ndi amene anafufuza za kachilumba kakang'ono ka ku Greece: njira ya mbuzi yokwera kuphiri, masitepe mazana anayi opita kukatchalitchi koyera, ndi phanga la m'mbali mwa nyanja limene alendo amafikako popalasa timabwato ta anthu awiriawiri. Ankadziwa ngakhale dzina la bulu wonyamula madzi a alendo. Koma tsiku losankha woperekeza mabanja asanu a ku Doha, bwana Rashid anangofunsa funso limodzi: "Wabayitsa katemera kawiri ndani?"

Angella anali atabayitsa kamodzi, Tusajigwe kawiri. Anachedwa kuyamba chifukwa chomvera mauthenga oopseza za katemera a azakhali ake a ku Ntcheu.

Chowawa kwambiri chinali choti Tusajigweyo anabweretsedwa muofesimo ndi Angella yemwe. Malamulo atasintha kuti munthu atha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana wakale, Angella anamuchotsa pa risepishoni ya hotela ku Al Dafna, nkumuphunzitsa kudula matikiti. Miyezi inayi yokha, mwana wa ku Karongayu anali ndi viza m'pasipoti.

"Ndisintha," anatero Tusajigwe. "Zapanja zonse ziyambe folo koloko madzulo, ngati kuno. Mu Julaye ndani angatuluke dzuwa likukwera?"

Pamaso pa Angella panali imelo ya mkulu wa mabwato wa pachilumbapo. Anali atamulembera katatu konse: nyengo imeneyi mphepo ya kumpoto imadzuka masana, ikangokwana thuu koloko palibe bwato limatuluka. Angella anayang'ana imeloyo. Kenako anayang'ana chipewa chatsopano cha mlaza chomwe Tusajigwe anachikhazika patebulo, kapepala ka mtengo wake kadakali pomwepo. Anatseka imelo.

"Woperekeza ndiwe," anatero. "Sintha."

"Ndikubweretsereni chiyani kumeneko?"

"Mchenga. Kuno ukusowa."

Tusajigwe anaseka mpaka masiki inagwa. "Inu asisi, pakamwa panu mpa lumo!"

Tsiku loyamba zithunzi zinabwera khumi ndi zitatu. Angella anaziona m'basi yobwerera kunyumba, akukulitsa chilichonse ndi zala ziwiri. Nyanja inali yobiriwira kuposa momwe ankaiganizira. Bulu uja analipo, atavala chipewa cha Tusajigwe.

Tsiku lachiwiri zithunzi sizinabwere. Inabwera foni.

"Asisi, mphepo!" Mawu ankamveka ngati munthu akulankhula ali pamwamba pa lole. "Mabwato akana. Ndapempha kuti tibwerere m'mawa, akuti malo athu anapatsa kale anthu ena mlungu wonse. Madam wina pano akundilozera chala, akuti akanafuna kukhala m'chipinda akanakhala kwawo ku Onaiza."

"Akwere phiri."

"Tayesa. Tafika pakati mphepo yaulutsa mpango wa agogo ena, ana akulira. Tabwerera."

"Pepa," anatero Angella. Atadula foni anadzipangira tiyi. Anathira shuga pang'ono, koma tiyiyo anatsekemera.

Lachinayi m'mawa bwana Rashid anamuitana. Patebulo pawo panali makalata atatu a madandaulo ndi pepala la ulendo lija.

"Khala pansi," anatero. "Mabanja asanu, masiku asanu ndi limodzi, palibe amene wagwira nkhafi. Werenga mzere womaliza."

Angella anawerenga. Pansi pa pepalalo, pomwe kale panali dzina la ofesi lokha, panalembedwa kuti: Wokonza ulendo, Angella.

"Mnzakoyu asananyamuke anakhala pampando womwewo theka la ola," anapitiriza bwana. "Akuti ntchito yonseyi ndi ya Angella, dzina lake lilembedwe, ndipo ulendo wa Seputembala apite iye poti adzakhala atabayitsa kachiwiri. Wallah, ndikulumbira, anandivuta mpaka ndinavomera. Tsono ndiuze: za mphepoyi sunkazidziwa?"

Angella anafufuza yankho. Akati sankadziwa, ndiye kuti miyezi itatu ija ankangoonera zithunzi. Akati nthawi anasintha ndi Tusajigwe, funso lotsatira linali lodziwikiratu: nanga iwe unali kuti? Makina oziziritsa mpweya ankangolira pakhoma. Anabweza pepalalo patebulo, nabisa za imelo ija kachiwiri m'milungu iwiri.

"Khalas, basi zatha," anatero bwana, akusonkhanitsa mapepala. "Wa Seputembala apita Jenifer."

Jenifer anali wa kumatikiti, ndipo nyanja ankaiopa ngakhale pakalendala.

Tusajigwe anabwerera kuntchito Lamlungu, tsiku loyamba la ntchito ku Doha, atada ndi dzuwa, chipewa palibe. Anapereka moni kwa aliyense, nagawa maswiti a uchi tebulo ndi tebulo. Atafika kwa Angella anatulutsa kabotolo ka madzi akumwa kodzaza mchenga wotuwa, nakaika pafupi ndi kompyuta mosamala.

"Katundu wanu uja."

"Tusa, sunafunike kuvutika."

"Sindinavutike. Mphepo inachita kundithirira m'chikwama." Anavula masiki, naipinda bwinobwino. "Mkulu wa mabwato uja akupereka moni. Munthu wabwino, wokonda kucheza. Akuti Angella ndi mtsikana wanzeru, amayankha imelo iliyonse. Akuti za mphepo anakulemberani katatu."

Angella anatsegula pakamwa.

"Kwathu amati wakutsina khutu ndi mnansi," anatero Tusajigwe motsitsa mawu, kuti Jenifer asamve. "Ine makutu ndinali nawo awiri, asisi. Onse anali pafupi nanu."

Anatenga kapu yake ndi chojambulira mapasipoti, nakakhala patebulo la pafupi ndi khomo, limene aliyense ankalikana chifukwa cha kutentha.

Masana a tsikulo foni ya Angella inalira. Unali uthenga wa kuchipatala, womukumbutsa kuti katemera wake wachiwiri ndi mawa, seveni koloko m'mawa. Anauwerenga, nasuntha kabotolo ka mchenga kuti kasatchinge kompyuta. Sanakataye.