Muvi ndi Khutu

"Ndiye mukuti wapolisi ndi amene akunama, Tato?" Lesia anafunsa bambo ake, dzanja atatambasula kale kuti alandire makiyi.

Orest Hryciuk sanacheuke n'komwe. Anali ataima pakhomo pa galaja ya Wendell Friesen, akupukuta galasi la pikapu yake ya 1967 ndi mkono wa jekete.

"Sindinati wapolisi. Ndati muvi wa sipidomita."

Apolisi anali atamuimitsa kawiri m'nyengo imodzi yokolola tirigu, kawiri konse pa mlandu wothamanga. Lesia atamva za ulendo wachiwiriwo ananyamuka mumzinda wa Saskatoon, kumene ankakhala, ali ndi mawu okonzeratu: munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri akayamba kuthamanga osadziwa, nthawi yakwana. Koma famu ya Orest inali kutali ndi tauni, ndipo kumeneko kulibe basi. Kupereka makiyi kunali kutseka nyumba n'kukakhala m'kachipinda kapansi kwa mwana wake, n'kumaonera miyendo ya anthu odutsa pawindo. Zimenezi Orest ankaziopa kuposa imfa.

Wendell anatuluka pansi pa thalakitala ina akudzipukuta girisi. Iye ndi Orest anayamba kunyozana ali kusukulu ndipo anali asanatope.

"Chimene wabweretsachi n'chokonza kapena n'chokwirira?"

"Chimalira kamodzi m'mawa, iwe mpaka akukankhe."

"A Friesen," Lesia analowerera, "ndikufuna mundiuze zoona. Ngati galimoto ilibe vuto, ndibwerera nawo ku Saskatoon lero lomwe."

"Tiyeni tikafunse msewu," anatero Wendell. "Makiyi kuno."

Anapanikizana atatu pampando umodziwo, Wendell pa chiwongolero, Lesia pakati, n'kulowera kumadzulo. Zikwangwani za boma zinasinthira ku makilomita kalekale, koma minda sinamve nawo. Misewu yopingasa ikadali pa mailo iliyonse, mmene anaidulira anthu oyamba kugawa malo, ndipo sipidomita ya Orest nayonso inkawerenga mamailosi. Wendell anavula wotchi n'kupatsa Lesia.

"Galimoto ikakhala pa sikisite, mailo imodzi ndi mphindi imodzi. Uyambe kuwerenga pamphambano iyo."

"Foni yanga ikhoza kutiuza pompano."

"Foni yako inabadwa dzulo. Gwira wotchi."

Injini inakwera mawu. Orest anatsinzina, mutu atapendeketsa.

"Apa! Apa pali sikisite."

"Ndendende," Wendell anavomera atasuzumira muvi. "Mfiti iwe."

Orest anamwetulira osatsegula maso. Kwa zaka zonse zimene anayenda ndi galimotoyi ankaimva ngati mmene mayi amamvera kulira kwa mwana wake, ndipo ankanyadira zimenezo poyera.

Mphambano yotsatira inafika mphindi isanakwane. Anabwereza pa mailo ina, zinali chimodzimodzi. Lesia anasuzumira foni mobisa, n'kuibwezera m'thumba.

"Bambo ako sananame," anatero Wendell. "Muvi ukuti sikisite, ife tikuyandikira sevente."

Atabwerera ku galaja, Wendell anakwawira pansi n'kumasula chingwe cha sipidomita pa giyabokosi. Analumitsa nsonga yake pa makina oboolera n'kuchizunguza, Lesia akuyang'ana m'kati. Muvi unakwera bwinobwino, osanjenjemera, osadumpha.

"Chingwe chili bwino, wotchi ya sipidomita ili bwino," anatero ali chigonere. Kenaka maso ake anagwera pa tayala lakumbuyo limene linali pafupi ndi mphuno yake. "Orest, nsapato izi unazitenga kuti?"

"Pamene ankagulitsa katundu wa malemu Dueck, chipale chofewa chitangosungunuka. Matayala anayi onse, atsopano ndithu."

"Unaiveka wekha galimotoyi?"

"Nanga ndikanaitana abusa?"

"Safunsa anadya phula. Matayala awa ndi aatali kuposa ako akale. Tayala lalitali likazungulira kamodzi limadya msewu wambiri, koma giyabokosi sadziwa zimenezo. Iye amangowerenga kuzungulira, n'kumauza muvi nkhani yakale."

"Ndiye abwezeretse akalewo," anatero Lesia.

"Akalewo ndinadzalamo matimati," Orest anayankha.

Wendell anasolola kagiya kapulasitiki, kakang'ono ngati chala chachikulu, pamene chingwe chimalowera. Anakhuthulira pa benchi chitini cha khofi chodzaza timagiya takale, tofiira, tobiriwira, tachikasu, n'kuyamba kuwerenga mano ndi chikhadabo. Kamene ankafuna kanali ka mano ochepa, kuti kazizungulira msanga. Anakapeza pansi penipeni, kakuda ndi fumbi, ndipo pomwe khofi ankawira n'kuti katalowa kale m'malo.

Lesia anaima pafupi ndi bambo ake, akusewera ndi zipi ya chikwama. Manyazi anali atamugwira, ndipo iye sanali munthu wozolowera kupepesa.

"Tato, pepani. Ndinafulumira."

"Unatengera mayi ako. Nawonso ankaweruza mlandu mboni zisanafike."

Mtima wa Orest unali mbee. Anakana khofi, nati akufuna akaiyese yekha ndi mwana wake. Akukwera, Wendell anagwira chitseko.

"Tamvera, mdala. Ndakonza muvi, sindinakonze khutu lako. Injini iziimba nyimbo yomwe ija, koma matayala akadali aatali. Ukamva fifite, dziwa kuti wapitirira. Kuyambira lero uziyang'ana muvi ngati anthu ena onse."

"Ukandiphunzitsenso kuvala buluku."

Anatenga msewu womwe uja. Dzuwa la masana linkawala pa ziputu za tirigu mbali zonse, ndipo atsekwe anali atatera m'munda wa a Kowalchuk. Lesia sanatulutse foni, sanapemphenso wotchi. Anatsamira chitseko n'kumakamba za denga la khola, kuti liyenera kukonzedwa chisanu chisanafike. Ankalankhula ngati munthu amene wavomera kuti bambo ake akhalabe pa famu.

Injini inafika pa mawu amene Orest ankawadziwa. Anakumbukira za Wendell, n'kutsitsa maso.

Wotchi ya sipidomita inalipo, yozungulira, pamalo pake. Koma manambala anali atasungunuka ngati olembedwa pa galasi la nthunzi, ndipo muvi sunkaoneka kumene waloza. Anaphethira. Anaweramira kutsogolo pang'ono, n'kupukuta galasilo ndi chala. Panalibe fumbi.

Anayesa kukumbuka tsiku lomaliza limene anauwerengadi muviwo, osati kungouponyera diso khutu litamuuza kale yankho. Sanalipeze. Kwa wapolisi analumbira kuti unali pa fifite, ndipo mwina unalidi pamenepo, koma iye sanauone. Anadzutsa maso kuyang'ana kutsogolo. Msewu unkaoneka, mitengo ya magetsi inkaoneka, koma chikwangwani chimene chinkabwera ankachidziwa chifukwa choti anachidutsa moyo wake wonse.

Lesia sanaone chilichonse. Anali atafika pa nkhani ya mtengo wa malata.

Orest akanatha kungochepetsa moto n'kukhala chete. Mlandu anali atawina, mboni zinalipo, ndipo mwana wake akanabwerera ku Saskatoon madzulo omwewo. Anayenda nalo ganizo limenelo mailo yathunthu, ndipo linkamukomera. Kenaka anadutsa pageti la a Kowalchuk, pamene basi ya sukulu imatsitsa ana, ndipo sanathe kudziwa ngati chimene chinaima pamenepo chinali bokosi la makalata kapena munthu.

Pamphambano yotsatira anapatukira kumbali n'kuima. Anasiya injini ikulira, anatsika, anazungulira kutsogolo akugwira boneti, n'kutsegula chitseko cha Lesia.

"Sendera uko."

"Chavuta n'chiyani? Yayambanso?"

"Galimoto ili bwino. Wendell ndi chitsiru koma ntchito amaidziwa." Anakhala pampando n'kukoka chitseko. "Lolemba undiperekeze kwa dokotala wa maso. Zimene akanene, tikamvera komweko."

Lesia anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakokera mpando kutsogolo, naponda kilatchi ndi mwendo wonse monga anamuphunzitsira ali mtsikana. Giya inakukuta mano isanalowe.

"Pang'onopang'ono, si chitseko cha khola chimenecho."

Lesia anatembenuza galimoto n'kuloza kumudzi. Orest anaika manja pa mawondo, posadziwa kwina kowaika. Anamvetsera injini ikukwera, n'kukhazikika pa mawu otsika, aulesi, amene kwa iye sanali liwiro la munthu wopita kwinakwake.

"Ukuyenda ngati ukuperekeza maliro. Pondako."

"Muvi uli pa fifite, Tato."

Orest anatembenukira kuwindo, ndipo sanatsutse.