Chikhatho cha Ndani?

Woyendera masukulu anafika ndi fomu ya mafunso khumi ndi awiri. Funso lachinayi linkafuna inde kapena ayi basi: kodi ana a kalabu ya dimba, polembera anzawo a kutsidya kwa nyanja, amagwiritsa ntchito miyeso yovomerezeka? Ahedi anali atamunong'oneza kale pageti kuti lipoti likaipa, mpanda wa dimbalo ugwa, pakhale poimika njinga zamoto za aphunzitsi.

Mphunzitsi wa kalabuyo, amene ana ankamutcha Mayi Manyowa, anamukhazika m'kachipinda kosungira makasu namupatsa katoni ya makalata. Kalata yoyamba inkati: "Tomato wathu watalika zikhatho zinayi."

Woyenderayo anatsegula cholembera.

"Zikhatho, amayi? Marula mulibe?"

"Alipo makumi atatu m'kabati. Werengani kaye, achemwali, fomuyo sithawa."

Yankho la kutsidya linali laulemu koma lodandaula. Chikhatho cha ndani? Iwo anayeza ndi cha aphunzitsi awo, chachikulu ngati fosholo, ndipo tomato wawo anangokwana ziwiri. Kodi akudwala?

"Apa ndiye munawauza kuti alakwitsa?"

"Ine? Ndinangowawerengera kalatayo n'kupita kukathirira anyezi. Pobwera ndinapeza akukangana, wina mpaka misozi."

Mkanganowo unabala kalata yachitatu: dzanja la mtsikana mmodzi, losankhidwa ndi voti, lojambulidwa papepala. "Dulani ili muziyezera." Kenako panali chithunzi cha ana ovala majekete olemera atagwira kadzanja kapepalako pambali pa tomato. Zikhatho zisanu! Wawo ndiye anali wamtali, koma woonda ngati ulusi. Mwina dzuwa likumuchepera? Ana a Mayi Manyowa anaphimba mbande zina ndi thumba, zina ayi, n'kutumiza zomwe anaona sabata ndi sabata.

Woyenderayo anaiwala kuti cholembera chili chotsegula.

Chakumapeto a kutsidya anapempha dzanja lina, poti lakale linang'ambika chala. Yankho linali lalifupi: "Pepani, mwini dzanja wakula, latsopano silikufanana ndi lakale. Lakalelo tinasungako lina, taliyeza, ndi masentimita khumi ndi anayi. Kuyambira lero tiyeni tizigwiritsa ntchito rula. Iye sakula."

"Miyezi isanu ndi iwiri kuti afike pa rula," anatero woyenderayo.

"Ndikanawauza tsiku loyamba," anayankha Mayi Manyowa akuchotsa dothi m'zikhadabo. "Tsiku lachiwiri akanaiwala."

Woyenderayo anachonga inde. Kabokosi ka ndemanga kanali kongokwana mawu asanu, choncho anapitiriza m'mphepete mwa fomu, natembenuza kuseri, nadzazanso.

Potuluka anakumana ndi ahedi akudikira pakhonde.

"Ndiye za njinga zija, amayi?"

"Ziziima pomwe zimaimapo, ahedi. Koma kiyi wa kabati ija muwapatse ana. Marula akuwafuna tsopano."