Beseni Lobiriwira

Ankachapa malaya a amuna ake m'beseni lobiriwira, lija anagula miyezi inayi yapitayo kuti zovala za bambowo zisamakhudzane ndi zake, pamene mlamu wake, mchemwali wa amuna akewo, analowa pageti atanyamula envulopu ya kuchipatala.

"Alamu, tasiyani kaye sopoyo. Achimwene ali m'galimoto panjapo, akuti miyendo yawalemera."

"Awapeza ndi chiyani?" anafunsa osadzutsa mutu. Yankho ankaganiza kuti akulidziwa kale. Chionereni madontho a magazi pa kabudula wawo wam'kati, anagamula mumtima kuti dalaivala wa basi za maulendo ataliatali watola matenda kwa akazi a m'njira. Sanafunse, sanakalipe. Anangogula beseni, n'kumapemphera.

"Khansa ya m'chikhodzodzo. Koma aipeza isanazike mizu. Lachinayi akaipala pa opaleshoni."

Malaya aja anamupulumuka n'kugwera m'thovu.

Mlamuyo anavundikira ndowa n'kukhalapo. "Adokotala anawafunsa ngati amamwa. Achimwene akuti, 'Ine botolo limodzi lokha mutu waphulika, mtima gugugu, mpaka anzanga amanditcha Kabotolo, koma ndimangolimbikira.' Adokotala osaseka. Akuti mowa ukalowa m'thupi, chiwindi chimayamba chausandutsa poizoni, kenako n'kuphwanya poizoniyo. Anthu ena thupi lawo limachedwa pa ntchito yachiwiriyi, ndiye poizoni amakhalitsa m'magazi, wina n'kutsikira mu mkodzo. Tsono amuna anuwa, tsiku lonse pachiwongolero osaima n'kukataya madzi!"

"Ndiye kuti ndi mowa?"

"Akuti sangalumbire kuti ndi wokhawo, fodya uja anasiya nayenso ali pamlandu. Koma mowa asadzaulawenso. Ine ndawauza kuti Kabotolo wapuma pantchito lero."

"Nanga bwanji sanandiuze ine? Mpaka kukatenga inu?"

Mlamuyo anayang'ana pansi. "Akuti analiona beseni."

Mayiyo anakumbukira kuti Loweruka lililonse bambowo ankaika okha zovala zawo m'beseni lobiriwiralo, n'kulitungira madzi, n'kutungiranso lalikulu la iye ndi mwana wawo. Tsiku lina chogwirira chitathyoka, anachimanga okha ndi waya. Za beseni sanafunsepo ngakhale kamodzi.

Anadzuka, n'kukhuthula madzi onse mu ngalande. Malaya a bambowo anawaponya m'beseni lalikulu, pamwamba pa madiresi ake, n'kuwakanikiza ndi manja onse awiri mpaka anamira. Anapukuta manja pa siketi, n'kutuluka pageti.

Anawapeza atakhala kumpando wakumbuyo, chipewa chili pamaondo, chitseko chili chotsegula.

"Mayi a mwana, musayambe kulira," anatero bambowo akuyesa kumwetulira. "Akuti n'kanthu kochepa ngati nsonga ya chala."

"Sindikulira. Mulungu amene waionetsa msanga ndi yemweyo akagwire dzanja la adokotala. Lachinayi wokuperekezani ndine, alamu apume. Ndipo basi ija muziimitsa, okwera adandaule adandaule."

"Mwayamba kale kulamula?"

"Ndayamba."

Mayi woyandikana nawo nyumba anali pa mpanda akuyanika zovala, mlamu uja ali kumbuyo kwa mkazi wa dalaivalayo. Mkaziyo, amene mawu ake sankamveka kupitirira khonde, sanatsitse mawu. Anagwira dzanja la amuna ake ndi manja ake onunkhira sopo.

"Bambo a mwana, ndinaona magazi, ndinakuweruzani osakufunsani, ndipo mwadwala nokha miyezi inayi ine ndili m'nyumba momwemo. Ndinalakwa. Ndikhululukireni."